Mwana Woopa Dzuwa ndi Mwamuna wa Chisuwani

Minibasi yochokera ku Chipata inafika pa boma la Chadiza dzuwa lili paliwombo. Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 1987, ndipo fumbi linali litakuta masamba a mitengo yonse ya pa siteshoni. Davison Mwale anatsika ndi chikwama paphewa, fulasiki yaikulu ili m'manja. Iye anabadwira pa boma pomwepo, koma tsopano ankagwira ntchito ya kafukufuku mu labotale ina ku Lusaka. Mawa lake linali tsiku lalikulu. Anayenera kupita ku Zingalume kukaonekera kwa makolo a Manesi Banda, mphunzitsi amene anali naye pa chibwenzi kuyambira chaka chatha.

Asanapite patali, anyamata a chipani anamutchingira njira. Patsogolo pawo panali wina wamtali, wovala magalasi akuda.

"Khadi la chipani, akuluakulu."

Davison anapisa m'thumba n'kupereka. Wamtaliyo anawerenga dzina, anavula magalasi, kenaka anamwetulira.

"Ndiye ndinu a Mwale amene mukufuna kundilanda mkazi?"

"Pepani, sindikukudziwani."

"Mundidziwa. Ine ndine Simoni Phiri. Bambo anga ndi mayi ake a Manesi anayamwa bere limodzi. Manesi ndi msuwani wanga, ndipo kwathu kuno msuwani ndi mkazi. Kapena ku Lusaka anakusukani mutu?"

Anzake aja anaseka. Davison anayesa kusekanso.

"Nthabwala za chisuwani ndimazidziwa," anatero.

"Mkulu wanga Bonifasi nayenso anayamba ndi nthabwala. Lero Edina, mkulu wake wa Manesi, ndi mkazi wake wa ukwati woyera. M'fulasikimu muli chiyani?"

Sanadikire yankho. Anaitsegula yekha. M'katimo munali madzi oundana ndi timabotolo tiwiri ta madzi ofiirira.

"Tiyi wa ku Lusaka ameneyu?"

"Ndi za kuntchito."

"Munthu akupita kukafunsira mbeta, wanyamula za kuntchito." Simoni anatseka fulasikiyo mosafulumira n'kuibweza pamodzi ndi khadi. "Pitani, alamu. Tikaonana mawa pabwalo."

* * *

Ana a sukulu ataweruka, Manesi anakumana ndi Davison pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Zala zake zinali zoyerabe ndi choko. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Mwaonda, a Davi. Ku Lusaka mumadya mabuku?"

"Ndimasala kudya kuti amayi ako andimvere chisoni."

"Sadzakuonani n'komwe. Mumvetsetse bwino. Mawa inu mulibe pakamwa. Woyankhula ndi amalume anu a Enock. Inu mukakhale pamphasa, miyendo yopinda, maso pansi."

"Ngati mwana wolakwa pamaso pa ahedi."

"Kuposa pamenepo. Mayi anga mukawaona akubwera, mupatuke. Musawayang'ane kumaso, musawayankhule, ndipo pakhomo pa nyumba yawo musayandikire. Apongozi ndi moto."

"Kwathu ku Pentekoste zimenezo tinazisiya."

"Kwathu ndife Akatolika, Misa sitijomba, koma apongozi timawaopabe. Komanso musaiwale kuti mwini mbumba wathu ndi amalume a Petulo, bambo ake a Simoni. Ndi munthu wansangala, sakudani. Koma musawapatse chifukwa."

Davison anamugwira dzanja, Manesi anayang'ana uku ndi uku asanalole. Anakhala chomwecho kanthawi, akumvera njuchi m'nthambi.

"Nanga Lily ali bwanji?" Davison anafunsa.

Nkhope ya Manesi inagwa. Lily anali mwana wa Edina ndi Bonifasi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chibadwire, dzuwa linkamuwotcha ngati madzi owira. Khungu la kumaso ndi la m'manja linali la mawangamawanga, louma ngati khungwa, ndipo maso ake ankangotuluka misozi akaona kuwala. Usana wonse ankamusunga m'nyumba ya agogo ake, ndipo alendo sankauzidwa za iye. Manesi anamuuza Davison nkhaniyi tsiku lina akulira, chikondi chawo chitangoyamba kumene.

"Pamphuno patuluka kachotupa," anatero Manesi motsitsa mawu. "Sikakupola."

Davison anasendera kutsogolo, maso ake atawala monga ankachitira akamanena za ntchito yake.

"Ndinakuuza zimene ndikuganiza. Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, timati maselo. M'selo lililonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene umasunga malangizo onse a thupi. Dzuwa limauwononga ulusiwo tsiku lililonse, mwa iwe, mwa ine, mwa aliyense. Koma thupi lili ndi atelala ake. Amadula powonongekapo n'kusokapo chigamba chatsopano. Mwa Lily atelalawo sakugwira ntchito. Nditapeza kachikopa kake, kochepa ngati njere ya mapira, tingameretse maselo ake m'mbale, tiwawalitse ndi nyali, tione ngati akusoka kapena ayi."

"Ndiye mukaona kuti sakusoka, achira?"

"Ayi. Koma matendawo adziwika dzina, ndipo madokotala angachotse chotupacho chisanakule."

Manesi anachotsa dzanja lake.

"Mawa simukupita kukaona wodwala, a Davi. Mukupita kukafunsira ine. Kwathu palibe amene akudziwa kuti ndinakuuzani za Lily. Lonjezani."

"Ndalonjeza."

Za fulasiki imene anaisungitsa m'firiji ya pa kiliniki, sananene.

* * *

Loweruka Davison ndi amalume ake a Enock anafika ku Zingalume pa njinga, thukuta lili kamukamu. Fulasiki ija inali pa keliyala, yokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Davison anadziuza kuti waitenga mongoyesa, kuti mwina nkhani zikatha bwino angamupeze Edina payekha n'kumupempha mwaulemu.

Anawayalira mphasa pamthunzi wa nkhokwe. A Petulo, mlimi wa thonje wa ku Zemba, anakhala pa mpando wa ndalema akudzipepesa ndi chipewa. Chapambali panakhala Bonifasi, munthu wosayankhulayankhula amene ankakhala chikamwini pamudzipo. Simoni anatsamira mtengo chapatali. Amayi onse anali kuseri, kukhitchini.

"Tambala wathu uyu," anayamba a Enock akuwomba m'manja, "waona msoti pakhomo pano, ndiye kunyumba sakudyanso gaga."

"Misoti pano ilipo," anayankha a Petulo, "koma wa sukuluyo ngojompha. Tambala wanu ali ndi nthenga zokwanira?"

Onse anaseka. A Enock anatulutsa chikole, chitenje chatsopano ndi mpango, n'kuziika patsogolo pa a Petulo. Davison anali atazolika, akuyang'ana nyerere zimene zinkayenda m'mphepete mwa mphasa. Mtima wake unayamba kukhala m'malo.

Kenaka chitseko cha nyumba ya mayi Kristina, mayi ake a Manesi, chinalira. Kamtsikana kanatuluka, kovala diresi lalifupi lopanda manja.

"Ndikufuna ndione mwamuna wa amayi aang'ono," kanatero.

Kanayenda mpaka pakati pa bwalo, pamtetete. Dzuwa litakamenya, kanaima, kanaphimba maso ndi manja awiri, kenaka kananjuta pansi n'kuyamba kulira chamumtima. Njira yobwerera sikanaionenso.

Palibe amene anasuntha. A Petulo anayang'ana kumwamba kwa nkhokwe. Bonifasi anaweramitsa mutu. Aliyense ankadikira kuti wina wa kukhitchini abwere adzamutenge mwanayo, kuti alendo achite ngati sanaone kanthu.

Davison sanadziwe kuti waimirira liti. Anavula jekete, anamufunditsa Lily kumutu, anamunyamula n'kuthamanga naye kulowa pa chitseko chimene anatulukira. A Enock anaitana dzina lake kamodzi, koma iye sanamve.

M'nyumbamo munali mdima, zenera litatsekedwa ndi thumba. Mayi Kristina anali atakhala pamphasa akusenda mtedza. Chifukwa cha kutentha anali atavula bulawuzi, chitenje chili m'chiuno. Ataona mwamuna wachilendo pakhomo, anakoka chitenjecho n'kutembenukira kukhoma.

Davison sanazindikire n'komwe. Anagwada, anapendeketsa nkhope ya mwanayo kuti kuwala kwa pakhomo kugwe pamphuno. Chotupacho chinali chokwera m'mphepete, pakati pake ponyowa.

"Amayi, chotupachi chinayamba liti? Chimatuluka magazi?"

Mayi Kristina sanacheuke. Anayankhula ndi khoma.

"Edina. Bwera udzamuuze mlendo kuti nyumba ino ili ndi mwini wake."

Apo m'pamene Davison anaona msana wa apongozi ake, ndi mtedza umene unamwazika pansi.

* * *

Atatuluka anapeza a Enock atagwada, akuwomba m'manja mosalekeza. Amayi anali atatuluka kukhitchini, Manesi ali pakati pawo, dzanja lili pakamwa.

A Petulo anakanda pachibwano. "Chabwino, a Enock, dzukani. Tambala akalowa m'nyumba ya apongozi amalipira nkhuku, nkhani n'kutha. Wachita mopusa, koma wachitira mwana."

"Wachitira mwana?" Anali Simoni. Anachokera kumene kunali njinga, fulasiki ili m'manja. Anaiika pafupi ndi chikole n'kuitsegula. "Mufunseni, bambo, kuti timabotolo iti n'ta chiyani. Dzulo pa siteshoni anandiuza kuti n'ta kuntchito. Pakhomo pano pali ntchito yanji?"

Maso onse anapita kwa Davison. Akanatha kunama, koma bodza silinabwere.

"N'tosungiramo kachikopa. Ndinkafuna kupempha makolo a Lily kuti ndikamuyeze ku Lusaka."

"Kachikopa ka mwana," anatero Simoni mokweza, kuti amayi amve. "Ndipo mwanyamula timabotolo kuchokera ku Lusaka musanamuone mwanayo. Anakuuzani ndani?"

Edina anatembenuka n'kumuyang'ana mng'ono wake. Manesi anagwetsa nkhope.

A Petulo anakweza dzanja. Kumwetulira kuja kunali kusanatheretu.

"Tiyeni timve. Ife ndi mwanayu tayenda. Kwa asing'anga tafika, ku mishoni tafika, ku Chipata anatipatsa mafuta odzola. Ena amati tinalodzedwa, ena amati mayi wake anadya choletsedwa ali ndi pakati. Inu ophunzira, matenda amenewa amachokera kuti?"

A Enock anamutsina Davison pantchafu kuti akhale chete. Koma Davison anaona Edina, amene kwa zaka zonsezi ankanenedwa kuti ndiye analakwa, ndipo anaganiza kuti choonadi chimupepuza.

"Si ufiti, ndipo si kulakwa kwa mayi wake. Mwana amalandira malangizo a thupi mbali ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Munthu akhoza kunyamula langizo lolakwika iye ali bwinobwino, chifukwa la mbali inayo limamuphimba. Koma akakwatirana awiri onyamula cholakwika chofanana, mwana akhoza kulandira zonse ziwiri, ndiye palibenso chomuphimba. Zimenezi sizichitikachitika. Zimachuluka pamene mwamuna ndi mkazi ali a magazi amodzi, monga asuwani."

Bonifasi anaimirira pang'onopang'ono, anasasa fumbi pa buluku, n'kulowera kumunda osayang'ana munthu.

Simoni anaseka. "Mwamva, bambo? Dzulo ndinamuuza kuti Manesi ndi msuwani wanga. Lero chisuwani chasanduka matenda. Sukulu ya ku Lusaka njofulumira."

"Sindikunena chifukwa cha iwe," anatero Davison.

"Ndiye mukunena chifukwa cha ndani?"

A Petulo anavala chipewa chawo. Mawu awo anatuluka ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunaopsa.

"Magazi amene mukuwanenawo ndi anga. Ndi a mlongo wanga amene mwamulowera m'nyumba. Bonifasi ndi Edina ndinawakwatitsa ndine, ndi manja angawa. Agogo athu anakwatirana pa chisuwani, ndipo tonse tili pano ndi makungu athu. Lero mlendo wabwera kudzandiuza pakhomo pa mbumba yanga kuti mdzukulu wanga ndinamuwotcha ndine."

Anakankha chitenje ndi mpango uja ndi nsonga ya ndodo mpaka zinakhudza mawondo a a Enock.

"Tambala wanu ali ndi mlomo wautali. Mtengeni."

* * *

Manesi anawapeza akukankha njinga pa kanjira kodutsa m'munda wa thonje wouma. A Enock atamuona anapitirira osayankhula, n'kukaima patali.

"Manesi, ndikhululukire. Mwana anali padzuwa, ndikanatani?"

"Za kumunyamula Lily sindikukwiya nazo. Pa amuna onse amene anali pabwalo paja, ndinu nokha amene munaimirira. Zimenezo ndidzazikumbukira." Anapuma. "Ndikufunsa za fulasiki. Dzulo pamene munkati ndalonjeza, inali kuti?"

"Ku kiliniki."

"Ndiye munalonjeza pakamwa, timabotolo tili m'firiji kudikira."

"Ndinkafuna kuthandiza."

"Kuthandiza ndani? Munandiuza nokha kuti sachira. Ndiuzeni zoona, a Mwale. Ku labotale kwanuko munawauza za mwana wa mkulu wanga?"

Kumva dzina loti a Mwale kunamupweteka kuposa mbama.

"Ndinawauza akuluakulu anga a ntchito. Anati matendawa ndi osowa kwambiri, sanawaonepo ndi maso."

"Anasangalala?"

Davison anayang'ana pansi.

"Anasangalala," anadziyankha Manesi. "Ine ndinakuuzani ndikulira, mutu wanga uli paphewa lanu. Inu munanyamula misozi yanga n'kukaionetsa kwa abwana anu. Ndiye lero ndidziwa bwanji kuti munabwera kudzafunsira ine, osati khungu la Lily?"

"Ndinakukonda ndisanamve za Lily."

"Masabata angati musanamve?"

"Manesi, ndinyoze mmene ungathere, ndalakwa. Koma chimodzi chokha undimvere. Usalole kuti akupereke kwa Simoni. Chimene chili mwa Edina chikhoza kukhala mwa iwe. Chimene chili mwa Bonifasi chikhoza kukhala mwa Simoni."

Manesi anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mukuona? Ngakhale ine sindikudziwa ngati akuyankhula ndi wa kafukufuku kapena ndi mwamuna wansanje." Anapinda dzanja la bulawuzi n'kumutambasulira mkono. "Timabotolo muli nato tiwiri. Dulani pano. Dulani, mukandiyeze, mubwere ndi umboni woti amalume auone."

Davison anayang'ana mkonowo, wosalala, wowala ndi thukuta.

"Sizingaoneke," anatero. "Njira yathu imaona wodwala yekha. Wongonyamula, maselo ake amasoka bwinobwino ngati a wina aliyense. Mwina m'tsogolo anthu adzapeza njira, koma lero palibe."

"Ndiye mwaphwanya banja lathu ndi mawu amene simungawatsimikize."

"Ndi oona, Manesi."

"Oona, inde. Mwawanenera pamalo ati? Pamaso pa ndani?" Anatsitsa dzanja la bulawuzi. "Ndinakuuzani kuti lero mulibe pakamwa."

"Ndibwerera ku Lusaka Lachitatu. Ndikhala ndikudikira pa boma. Ukangonena liwu limodzi, ndibweranso ndi amalume, ndigwada mpaka mawondo atuluke magazi."

Manesi anatembenuka n'kubwerera kumudzi, mapesi a thonje akukola chitenje chake.

* * *

Lolemba Manesi anaphunzitsa ngati munthu wogona. Pa nthawi yopuma, mwana wina anamubweretsera mango awiri m'kapepala, akuti achokera kwa a Mwale. Anawagawira ana. Poweruka anapeza Simoni ataimika njinga pa geti la sukulu.

"Mkazi wanga, ndikunyamule?"

"Miyendo ndili nayo, msuwani."

"Usunge mphamvu. Dokotala wako wa zikopa uja akupita, ife otsala ndife tidzakusamala."

"Iwe ungasamale munthu? Ntchito yako n'kuima pa siteshoni kuopseza azimayi ogulitsa tomato."

"Koma sindinalowepo m'nyumba ya azakhali ali chosavala." Simoni anasiya kuseka. "Manesi, ine ndakudikira kuyambira uli ku koleji. Sindinaphunzire ngati iye, koma sindingakuchititse manyazi pabwalo. Uganize."

Anapalasa njinga n'kupita. Chimene chinamukwiyitsa kwambiri Manesi chinali chakuti mawu omalizawo anali opanda nthabwala.

* * *

Lachiwiri masana, Manesi akutsuka mbale pakhonde la kanyumba kake ka aphunzitsi, anaona mzimayi akubwera wapansi, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali Edina. Chichokereni ku Zingalume Loweruka lija, awiriwa anali asanayankhulane.

Manesi anamupatsa madzi. Edina anamwa, anapukuta pakamwa, n'kukhala pansi motsamira khoma.

"Achemwali, ndikhululukireni. Sindikanayenera kumuuza za Lily."

"Zimenezo zisiye. A Bonifasi apita."

"Apita kuti?"

"Kwawo ku Zemba. Lamulungu titabwera ku Misa anamanga zovala, khasu ndi wailesi pa njinga. Akuti sangakhale pamudzi pamene ana akuwaloza kuti ndi uja wa magazi oipa. Lily anawaitana pa zenera, sanacheuke."

Manesi anakhala pansi pafupi naye. "Abwera. Mkwiyo ukatha abwera."

Edina anatenga dzanja la mng'ono wake n'kuliika pamimba pake. Pansi pa chitenje panali polimba, pokwera.

"Ndinali ndisanauze munthu. Mvula ikamatha ndidzakhala ndi wakhanda kumsana, Lily m'nyumba, amayi okalamba, munda wosalima. Ndani adzafolera denga? Likangodontha kuwala, mwana wanga apsa ali m'nyumba."

"Ine ndilipo. Ndithandiza."

"Uthandizadi. N'chifukwa chake ndabwera." Edina anayang'ana kutali, ku bwalo la mpira. "Dzulo ndinapita ku Zemba kukagwada kwa amalume. Akuti mawu ananenedwa pabwalo, ndipo ayenera kufafanizidwa pabwalo. Akuti ngati banja la mlongo wawo silikukhulupirira zonena za mlendo uja, lionetse. Iwe uvomere Simoni, a Bonifasi abwerera tsiku lomwelo. Ukakana, ndiye kuti tavomereza kuti magazi awo ndi oipa, ndipo sangatumizenso mwana wawo pakhomo pathu."

Manesi anachotsa dzanja pamimbapo ngati wagwira mbaula.

"Amayi akuti chiyani?"

"Amayi sakuyankhula. Akungosenda mtedza."

"Ndiye inunso, achemwali, mukuganiza kuti a Davison ananama chifukwa cha nsanje?"

Edina anapukusa mutu.

"Sananame. Ndinadziwa pomwe ankayankhula paja. Amayi anandiuzapo kale kuti iwo ndi amalume anali ndi mng'ono wawo amene ankakhala m'nyumba, anamwalira asanakule. Amalume akudziwa, n'chifukwa chake akwiya chonchi. Zaka zonsezi anthu akhala akunena kuti ndinadya choletsedwa. Mwamuna wako yekha ndiye ananena pagulu kuti si kulakwa kwanga. Ndikanakhala ndi nkhuku ndikanamuphera."

"Mukudziwa kuti ndi zoona, koma mwayenda ulendo wonsewu kudzandipempha kuti ndikwatiwe ndi Simoni."

"Eya."

"Mukudziwa kuti ndimakonda wina."

"Ndikudziwa. Chikondi chako n'chimene chinamuuza za mwana wanga. Ine ndinali ndi banja Loweruka m'mawa, Manesi. Linali lovuta, koma linali banja. Sindikukuimba mlandu. Ndikungoti amene wagwetsa mtsuko ndiye amapita kumadzi."

Manesi anamva misozi ikutentha m'maso, koma sanaigwetse.

"Nanga ndikadzabereka wanga ngati Lily?"

Pamene Edina anayankha, mawu ake anali otopa, opanda nkhanza.

"Mwina sudzabereka wotero. Iye mwini anati sizichitikachitika. Koma ukadzabereka, tidzawasunga m'nyumba imodzi. Lily adzakhala ndi mnzake wosewera naye."

Manesi anamuyang'ana mkulu wakeyo ngati akumuona koyamba. Anafuna kukalipa, koma anaona ming'alu ya kumapazi ake, ndi milomo youma, ndi dzanja limene linali litabwerera pamimba.

"Amalume akufuna yankho liti?"

"Mawa. Simoni abwera m'mawa ndi njinga kudzakutenga, akuti wapempha kale chilolezo kwa ahedi."

Mawa lake linali Lachitatu, tsiku loti Davison abwerere ku Lusaka. Manesi anaimirira kuti alowe m'nyumba, koma Edina anamugwira chitenje.

"Chinanso. Usanamuuze a Mwale wako kuti zatha, umupemphe andilembere dzina la dokotala wochotsa chotupa. Ukayamba ndi kumukana, mwina sangatipatse."

Asanayankhe, Manesi anamva mapazi pa kanjira ka kusukulu. Davison ankabwera, atavala malaya oyera ositidwa bwino, ndipo atawaona awiriwo pakhonde anamwetulira mwachiyembekezo, poganiza kuti Edina wabweretsa mtendere.

"Ndi uyo," ananong'ona Edina, chitenje chija asanachisiye. "Yamba ndi za dokotala."